Momwe Mungasewerere Dungeons & Dragons Pagome Limodzi Pamene Osewera Ali ndi Malamulo a Mibadwo Yosiyana

Gulu losewera masewera a nthano apagome, monga Dungeons & Dragons, kawirikawiri silikhala ndi buku limodzi. Kuno ku Zomba gulu lotere lingakhale la ophunzira awiri a ku Chancellor okhala ku Chikanda, wogwira ntchito wa ku Matawale ndi mnzawo wa ku Chinamwali, ndipo aliyense amafika ndi chimene adachipeza. Wina ali ndi Player's Handbook ya 2014 imene adamutumizira mbale wake wa ku Johannesburg, wina adaphunzira malamulo a 2024 pa foni, pamene wotsogolera masewera ali ndi nthano yakale yolembedwera m'badwo wachiwiri wa malamulo a masewerawa, wa 1989, kapena m'badwo wa 3.5 wa 2003. Zonse zimayenda bwino kufikira nkhondo yoyamba. Apo wina amati kumwa mankhwala ochiritsa kumamudyera nthawi yake yonse, wina akuti ayi, ndipo aliyense akutsegula buku lake kusonyeza tsamba limene likumuvomereza. Onse awiri akunena zoona, koma masewera aima.

Njira imene imathandiza ndi iyi: ampangankhani, ndiye kuti anthu a m'nthano amene osewera amawayendetsa, angachokere m'mabuku osiyana, koma malamulo oyendetsera gome azichokera m'buku limodzi lokha, ndipo chilichonse chochokera kwina chisinthidwe kamodzi, papepala, tsiku losewera lisanafike.

Zofunika kukhala nazo

- Buku lililonse la malamulo limene wina m'gulumo akufuna kugwiritsa ntchito. Ngati gulu lilibe buku logula, malamulo oyambira a m'badwo wachisanu amapezeka mwaulere pa intaneti: SRD 5.1 ya malamulo a 2014 ndi SRD 5.2 ya malamulo a 2024 zidatulutsidwa ndi Wizards of the Coast pa chilolezo cha Creative Commons, choncho mungathe kuzisindikiza popanda kuba ntchito ya wina.
- Kope limodzi la gulu lonse, lachikuto cholimba, lolembamo zigamulo.
- Mapepala a ampangankhani a mtundu umodzi kwa osewera onse, mapensulo ndi chofufutira.
- Madayisi a mbali 4, 6, 8, 10, 12 ndi 20. Ya mbali 6 ndi yomweyi ya ludo, koma zinazo sizipezeka wamba. Mungagwiritse ntchito pulogalamu ya pa foni, kapena zitsekerero 20 za mabotolo zolembedwa manambala 1 mpaka 20 mkati mwake, zoikidwa m'kathumba kansalu. Chitsekerero chikatengedwa, chibwezeredwe m'thumbamo wina asanapise dzanja, apo ayi mwayi wa osewera sukhala wofanana.
- Masamba ofunika osindikizidwa papepala. Magetsi akathima foni ikatha moto, buku limene lili m'fonimo limakhala ngati kulibe.
- Gulu la pa WhatsApp lotumizirapo chithunzi cha zigamulo.
- Tsiku limodzi lathunthu lokumana osasewera.

Gawo 1: Dziwani chimene aliyense ali nacho

Funsani wosewera aliyense kuti asonyeze buku lake, ndipo muyang'ane chaka chimene lidatuluka, osati dzina la pachikuto lokha, chifukwa dzina lakuti Player's Handbook lakhala likubwerezedwa m'mibadwo yambiri. Zaka zoti muziyang'ana ndi izi: 1989 ndi m'badwo wachiwiri wa Advanced Dungeons & Dragons, 2000 ndi wachitatu, 2003 ndi wa 3.5, 2008 ndi wachinayi, 2014 ndi wachisanu, ndipo 2024 ndi wachisanu womwewo wokonzedwanso. Pathfinder ya kampani ya Paizo ndi masewera ena, ngakhale kuti ya 2009 idamangidwa pa malamulo a 3.5, pamene ya 2019 ili ndi kayendedwe kakekake.

Chenjezo: amene adaphunzira malamulo pa intaneti ambiri sadziwa kuti adaphunzira ati. Musawafunse chaka, afunseni funso loyesera. Mwachitsanzo, matsenga ochiritsa a Cure Wounds amabweza moyo wochuluka bwanji? Akayankha kuti dayisi imodzi ya mbali 8, ali pa 2014. Akati madayisi awiri a mbali 8, ali pa 2024.

Gawo 2: Onani ngati mabukuwo ndi pachibale

Si mibadwo yonse imene ingakhale pagome limodzi, ndipo kudziwa zimenezi msanga kumapulumutsa milungu yambiri ya ntchito yopanda phindu.

Malamulo a 2014 ndi a 2024 amagwirizana. Manambala ake amakula mofanana: bonasi ya luso imayambira pa +2 ndi kuthera pa +6, milingo imene mpangankhani amakwera ndi 20, ndipo mpangankhani wa buku lina angaime pambali pa wa buku linalo popanda chachilendo chachikulu. M'badwo wa 3.5 ndi Pathfinder ya 2009 nazonso zimagwirizana zokhazokha. Kupitirira apo, musayese kusakaniza ampangankhani. Msilikali wa 3.5 amawonjezera +1 pa kumenya kwake mlingo uliwonse, kotero kuti pa mlingo 10 ali kale ndi +10 asanawerengere mphamvu zake, pamene mnzake wa m'badwo wachisanu ali ndi +4 yokha. Chilombo chimene chingavute woyambayo sichingakhudzidwe n'komwe ndi wachiwiriyo. Pathfinder ya 2019 imapatsa wosewera zochita zitatu pa nthawi yake ndipo imawonjezera mlingo wake pa pafupifupi chilichonse chimene adachiphunzira, pamene m'badwo wachinayi umafika mlingo 30 ndipo uli ndi manambala anayi a chitetezo m'malo mwa imodzi.

Kuchokera m'mabuku otalikirana chonchi mungatenge nthano, mapu, mayina a malo, zilombo ndi khalidwe la mpangankhani, koma manambala muwasiye komweko.

Gawo 3: Sankhani buku limodzi lolamulira gome

Osewera drafti pakhonde la golosale amadziwa kuti asanasunthe chitsekerero choyamba ayenera kumvana ngati kudya chobwerera m'mbuyo n'kololedwa, pakuti nkhani imeneyi ikabuka wina atadyedwa kale, palibe amene angaigamule mwachilungamo. Chimodzimodzi pano, buku lolamulira lisankhidwe dayisi isanaponyedwe.

Buku lolamuliralo ndi limene lizigamula zonse zokhudza anthu onse pamodzi: dongosolo la nkhondo, kudzidzimutsa adani, kugwirana, kutopa, kupuma, kubisala, imfa, ndi tanthauzo la matsenga aliwonse. Maganizo anga ndi akuti lisankhidwe limene wotsogolera amalidziwa bwino, ngakhale litakhala lakale, chifukwa iyeyo ndi amene amagamula kambirimbiri pa tsiku limodzi ndipo sangamatsegule buku nthawi iliyonse. Ngati wotsogolera amadziwa onse awiri mofanana, sankhani la 2024, popeza lidalembedwa moganizira kuti ena adzabwera ndi zinthu za m'mabuku akale, pamene la 2014 silikudziwa chilichonse cha zimene zidabwera pambuyo pake.

Chenjezo: musavote pa lamulo lililonse palokha. Mukatero, wosewera aliyense adzasankha chimene chikukomera mpangankhani wake, ndipo mudzatuluka ndi malamulo amene palibe buku lililonse lidawayesapo.

Gawo 4: Lembani m'kope malo amene mabukuwo amasemphana

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo magulu ambiri amapadumpha poganiza kuti akangonena kuti "tikutsata 2024" ndiye kuti zatha. Sizikhala zitatha, chifukwa wosewera amene wazolowera buku lina sadziwa kuti lamulo limene ali nalo m'mutu lidasintha. Tengani tsamba loyamba la kope, muligawe pawiri, ndipo mulembe zotsatirazi pamodzi ndi chigamulo cha gome lanu.

Kudzidzimutsidwa. M'malamulo a 2014, amene wadzidzimutsidwa sasuntha ndipo sachita kanthu pa nthawi yake yoyamba. M'malamulo a 2024 amangoponya madayisi awiri a mbali 20 ndi kutenga nambala yaing'ono posankha woyamba kusewera. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kwa gulu lokonda kubisalira adani.

Mankhwala ochiritsa. Mu 2014 kumwa kumatenga chochita chachikulu cha nthawi yanu. Mu 2024 kumatenga chochita chaching'ono chija chotchedwa bonus action, kotero kuti msilikali angamwe ndi kumenyanso pa nthawi yomweyo.

Kugwira mdani. Mu 2014 onse awiri amaponya madayisi ndi kupikisana. Mu 2024 wogwidwayo yekha ndiye amaponya kuti adzipulumutse, ndipo nambala yoti aikwanitse ndi 8 kuphatikiza bonasi ya mphamvu ndi bonasi ya luso ya womugwirayo.

Kutopa. Mabuku onse awiri ali ndi masitepe 6, ndipo lachisanu ndi chimodzi ndi imfa. Mu 2014 sitepe iliyonse ili ndi chilango chakechake, pamene mu 2024 sitepe iliyonse imachotsa 2 pa kuponya kulikonse kwa dayisi ya mbali 20 ndi mafiti 5 pa liwiro.

Kupuma kwa usiku. Mu 2014 mpangankhani amabwezeredwa theka la madayisi ake a moyo, amene amawaponya popuma kuti achire, mu 2024 amabwezeredwa onse.

Matsenga awiri pa nthawi imodzi. Mu 2014 lamulo limamangirira pa bonus action: mukaponya matsenga ndi iyo, zina zimene mungaponye pa nthawi yomweyo ndi matsenga aang'ono okha otchedwa cantrip. Mu 2024 lamulo ndi lakuti pa nthawi yanu mungawononge malo amodzi okha a matsenga, otchedwa spell slot, amene amatha mukaponya matsenga oposa cantrip.

Mphotho ya Inspiration. Mu 2014 imakupatsani mwayi woponya madayisi awiri ndi kutenga nambala yaikulu, ndipo mumanena musanaponye. Mu 2024 mumaponya kaye, ndipo mukaona kuti zavuta mumabwereza dayisiyo.

Mukamaliza kulemba, jambulani tsambalo ndi kulitumiza pa gulu la WhatsApp, kuti pasadzapezeke wonena kuti sadamve.

Gawo 5: Konzani mpangankhani aliyense, mmodzimmodzi

Lamulo lotsogolera pano ndi lakuti kalasi ya mpangankhani, kaya ndi msilikali, wansembe kapena mlenje, ichokere m'buku limodzi lathunthu. Wosewera amene akukonda kalasi ya Paladin, msilikali wa matsenga opatulika, ya 2014 aitenge yonse monga ilili, osati kutengako mbali zokoma ndi kuwonjezera zokoma za 2024. Chitsanzo chake chodziwika ndi Divine Smite, imene imakulitsa bala la mdani amene Paladin wamumenya. Mu 2014 ndi mphamvu ya kalasi imene ingagwiritsidwe ntchito pa kumenya kulikonse kwa pafupi kumene kwalasa, pamene mu 2024 idasanduka matsenga ofuna bonus action, ndipo m'malo mwake Paladin adapatsidwa zina, monga kuyamba matsenga pa mlingo 1 ndi luso la zida. Wotenga Smite yakale pamodzi ndi mphatso zatsopanozi wadya mbale ziwiri.

Yambani ndi manambala asanu ndi limodzi a thupi ndi nzeru, chifukwa ndi pamene cholakwika chachikulu chimabisala. Mu 2014 mapointi owonjezera amachokera ku mtundu wa mpangankhani, monga munthu, Elf kapena Dwarf, pamene mu 2024 amachokera ku mbiri yake, imene buku limaitcha background, ndipo amakhala atatu: +2 ndi +1, kapena +1 katatu. Tiyerekeze kuti wosewera waika 15 pa mphamvu, ndipo wasankha Mountain Dwarf wa m'buku la 2014, amene amalandira +2 pa mphamvu ndi +2 pa kulimba kwa thupi. Kenako wasankha mbiri ya Soldier ya m'buku la 2024 ndi kuikanso +2 pa mphamvu ndi +1 pa nambala ina. Papepala pake palembedwa 19 pa mlingo woyamba, pamene mnzake wotsata buku limodzi ali ndi 17. Bonasi yake yakhala +4 m'malo mwa +3 pa kumenya kulikonse ndi pa bala lililonse, ndipo walandira mapointi 7 pamene anzake alandira 3. Nthawi zambiri wosewerayo sadachite dala, adangotsata zimene tsamba lililonse lidamuuza. Buku la 2024 lenilenilo limanena kuti wogwiritsa ntchito mtundu wa m'buku lakale asawerengere mapointi a mtunduwo, atenge a mbiri okha. Tengani chofufutira, mubweze 17.

Kenako onani mbiri. Mbiri iliyonse ya 2024 imabwera ndi luso lapadera loyambira, lotchedwa Origin feat, chimene mbiri za 2014 zilibe. Ngati pagome pali ampangankhani a mabuku onse awiri, apatseni akalewo mwayi wosankha limodzi mwa maluso oyambirawa. N'chinthu chaching'ono koma chimathetsa madandaulo ambiri.

Chachitatu ndi nthambi ya kalasi, imene buku limaitcha subclass. Mu 2024 makalasi onse amasankha nthambi pa mlingo 3, pamene mu 2014 Cleric, Sorcerer ndi Warlock amasankha pa mlingo 1, ndipo Wizard ndi Druid pa mlingo 2. Wosewera amene akufuna kalasi ya 2024 ndi nthambi yakale imene sidalembedwenso angathe kutero, koma mphamvu za nthambiyo zimene zinkabwera msanga adikire kuzilandira pa mlingo 3. Ngati nthambiyo idalembedwanso m'buku latsopano, atenge yatsopanoyo.

Chachinayi ndi luso la zida, Weapon Mastery, limene mu 2024 lidaperekedwa kwa Barbarian, Fighter, Paladin, Ranger ndi Rogue. Limachititsa chida chilichonse kuchita kena kowonjezera, monga kugwetsa mdani, kumukankha kapena kumuchedwetsa. Msilikali wa 2014 alibe zimenezi, ndipo akakhala pambali pa wa 2024 amaona kusiyanako sabata iliyonse. Muuzeni zimenezi poyera asanasankhe. Akasankhabe wakaleyo chifukwa ndi amene amamudziwa, musamuumirize kusintha, koma mumupatse mwayi wosintha pambuyo pa masewera atatu kapena anayi popanda kutaya dzina, mbiri ndi katundu wa mpangankhani wake.

Half-Elf ndi Half-Orc mulibe m'buku la 2024. Wofuna mitundu imeneyi aitenge m'buku la 2014 ndi kutsata lamulo la mapointi lija.

Chenjezo: wotsogolera awerenge pepala lililonse yekha, pensulo ili m'manja, ndipo alembe chaka cha kalasi pamwamba pa pepalalo ndi zilembo zazikulu.

Gawo 6: Matsenga akhale ndi tanthauzo limodzi

Ngakhale makalasi achokere m'mabuku osiyana, matsenga a dzina limodzi asakhale ndi matanthauzo awiri pagome limodzi. Wansembe wa 2014 akaponya Cure Wounds amabweza pafupifupi 4 kapena 5 pa dayisi, pamene wa 2024 amabweza pafupifupi 9, ndipo Healing Word nayo idachoka pa dayisi imodzi ya mbali 4 kufika pa awiri. Counterspell, matsenga oletsa matsenga a wina, idasintha kwambiri, popeza mu 2024 amene akuletsedwayo amaponya dayisi kuti adzipulumutse. Choncho matsenga onse atsate buku lolamulira, kuphatikizapo amene zilombo zimaponya.

Wosewera aliyense akopere matsenga a mpangankhani wake pa timakadi kapena kuseri kwa pepala lake, kuchokera m'buku lolamuliralo. Ntchitoyi imatopetsa dzanja, koma munthu amene wakopera yekha amazindikira pomwepo pamene mawu asintha, ndipo pagome sipakhalanso kupatsirana foni imodzi uku anthu asanu akudikira. Matsenga amene amapezeka m'buku lakale lokha aloledwe monga alili, wotsogolera atawawerenga.

Gawo 7: Sinthani nthano ndi zilombo za mibadwo yakale

Gawo ili ndi la wotsogolera yekha, ndipo osewera sayenera kuliona. Nthano yakale ili ndi mapu, zinsinsi ndi anthu amene sakalamba, koma manambala ake ayenera kusinthidwa.

Njira yachidule ndiponso yabwino koposa ndi kusasintha chilombo n'komwe, koma kufufuza dzina lomwelo m'buku la zilombo la m'badwo umene mukusewera. Chimphona chotchedwa Ogre cha m'badwo wachiwiri chili ndi madayisi a moyo 4+1, ndiye kuti mapointi a moyo pafupifupi 19, pamene Ogre wa 2014 ali ndi 59. Mukangokopera 19 uja, asilikali awiri a m'badwo wachisanu adzamugwetsa asanakweze chibonga. Mukaika wa 59, werenganinso kuchuluka kwake, chifukwa chipinda chimene nthano yakale idaikamo ma Ogre anayi chingathe kupha gulu lonse la mlingo 2. Chepetsani chiwerengero molingana ndi malangizo a buku lolamulira.

Ngati chilombocho mulibe m'buku latsopano, gwiritsani ntchito masamu awa. M'badwo wachiwiri nambala ya chitetezo, AC, imatsika: 10 ndi munthu wopanda chovala chankhondo, 0 ndi wotetezedwa bwino, ndipo ingapitirire pansi pa 0. Chotsani nambalayo pa 20 kuti mupeze ya masiku ano, kotero kuti AC 4 ikhala 16, ndipo AC -2 ikhala 22. Chitaninso chimodzimodzi ndi THAC0, nambala yofunika kuponya kuti mulase mdani wa AC 0, kuti mupeze bonasi ya kumenya: THAC0 15 ikhala +5. M'mabuku akale a Basic, m'mene munthu wopanda chovala chankhondo ali ndi AC 9, chotsani pa 19. Mukapeza AC yopitirira 20 kapena bonasi yaikulu kuposa ya zilombo zina za mlingo womwewo, itsitseni.

Za m'badwo wa 3.5 ndi Pathfinder ya 2009 n'zosavuta kumasulira koma manambala ake ndi otupa. Pa kuponya kodzipulumutsa, pamene palembedwa Fortitude ikani Constitution, pa Reflex ikani Dexterity, pa Will ikani Wisdom. Nambala yoti ikwanitsidwe, DC, musaikopere. Dzifunseni ngati ntchitoyo ndi yosavuta, yapakati kapena yovuta, ndipo muike 10, 15 kapena 20. Nambala 25 ndi 30 zisungidwire zinthu zimene munthu wamba sangazithe. Chepetsaninso zida zamatsenga zimene nthanoyo imagawa, chifukwa m'badwo wa 3.5 umayembekezera kuti ampangankhani azikhala nazo zambiri, ndipo lupanga la +5 limene ndi lololedwa kumeneko kulibe m'badwo wachisanu, m'mene malire ndi +3.

Gawo 8: Yesani nkhondo imodzi yosawerengedwa

Nthano yeniyeni isanayambe, seweretsani nkhondo imodzi yaifupi imene zotsatira zake sizidzawerengedwa. Ikanimo dala zinthu zimene mudalemba m'kope: adani abisalire gulu, wina agwidwe, wina amwe mankhwala, wina aponye matsenga awiri. Mphindi 40 n'zokwanira. Onani amene akuononga kwambiri, amene sakulasa konse, ndi malo amene wina wanena kuti "m'buku langa sizili choncho". Malo amenewo alembedwe m'kope tsiku lomwelo.

Gawo 9: Mvanani za kagamulidwe ka mikangano

Ngakhale mutakonzekera bwanji, tsiku lina padzabuka nkhani imene simudailembe. Gwirizanani kuti wotsogolera azigamula pomwepo, pasanathe mphindi ziwiri, masewera apitirire, ndipo mabuku adzatsegulidwe masewera atatha. Chigamulo chokhazikika chilembedwe m'kope ndi tsiku lake, ndipo chiyambe kugwira ntchito sabata yotsatira popanda kubwerera m'mbuyo kukonza zimene zidachitika kale. Mpata umodzi wokha ndi pamene mpangankhani akufa: apo imani, tsegulani buku, mutsimikize. Gulu limene limakumana Loweruka masana, ena akuyang'ana mitambo ya paphiri kuti apeze kabaza mvula isanagwe, lilibe ola lotaya pa tsamba limodzi.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kulola wosewera aliyense kutsata buku lake pa malamulo a gome. Izi zimaoneka ngati kukoma mtima, koma zotsatira zake n'zakuti mdani mmodzi yemweyo amagwidwa m'njira ziwiri zosiyana malinga ndi amene wamugwira, ndipo wotsogolera amakakamizika kusunga mabuku awiri m'mutu.

Kuwerengera mapointi a mtundu ndi a mbiri pamodzi. Mukaona nambala yoposa 17 pa mlingo woyamba mwa mpangankhani amene manambala ake sadachite kuponyera madayisi, funsani kumene yachokera.

Kukhulupirira pulogalamu ya pa foni kapena tsamba la pa intaneti osayang'ana chaka. Zina mwa izi zimasonyeza matsenga a 2024, zina a 2014, ndipo si zonse zimene zimanena momveka. Wosewera amawerenga mokweza ndi mtima wonse, osadziwa kuti akuwerenga buku lina.

Kusintha buku lolamulira pakati pa nthano chifukwa wina wagula latsopano. Dikirani kufikira gawo la nthano litatha ampangankhani akukwera mlingo, ndipo mubwereze Gawo 4 ndi Gawo 5 musanapitirire.

Kuthetsa kusiyana kwa mphamvu pogawa zida zamatsenga. Wotsogolera akaona kuti msilikali wa 2014 akutsalira, amafulumira kumupatsa lupanga lamphamvu, ndipo mwini wake akadzasamukira ku kalasi ya 2024 lupangalo limakhala lidakali m'manja mwake, tsopano ali patsogolo pa onse. Konzani pepala la mpangankhani, osati thumba lake.

Kuphunzitsa wosewera watsopano mabuku awiri nthawi imodzi. Mlendo apatsidwe mpangankhani wa m'buku lolamulira, tsamba loyamba la kope, ndi makadi a matsenga ake. Anzake a pagome adziletse kumuuza mmene zinkakhalira m'buku linalo kufikira atasewera kangapo ndipo wayamba kufunsa yekha.